Chiwindi cha nkhuku ndi maso a amake ana

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, bambo anga ataona kuti mbuzi zikundifuna kuposa aphunzitsi. Ndiye ndikamanena za mapulotini musandiyese mphunzitsi ayi. Ndinawadziwa imvi zili mbuu, ndipo anandilanda chiwindi cha nkhuku.

Kwathu kuno, m'mapiri a kufupi ndi Kasakula, nkhuku ikaphedwa chiwindi ndi nthutumba ndi za bambo. Mwambowu ndinaupeza, ndipo popeza bamboyo ndinali ine, sindinauonepo cholakwika. Mazira nawonso ankadziwa njira ya kumbale kwanga. Akazi anga, amene ndinawakwatira mano anga akadali onse, ankadya pomalizira: khosi, zipalapasiro, ndi kamsuzi kotsala.

Chaka china anadwala m'mimba nthawi yaitali. Anachira, koma atawonda. Kenako ndinayamba kuona zachilendo. Dzuwa likangolowa ankakhala malo amodzi ngati nkhuku yofungatira. Tsiku lina kachisisira, akuchokera kuchigafa, anaima pafupi ndi mtondo umene uli pabwalo, n'kuwomba m'manja.

"Mwaswera bwanji?"

Ndinaseka mpaka kutsokomola. "Amake ana, alendo anuwo sayankha. Mwakhala mukuwasinja zaka zonsezi, akukwiyirani."

Iwo sanaseke. Anafufuza khoma ndi dzanja, n'kulowa m'nyumba. Sabata yotsatira anasiya kupita kokonzekera nyimbo ndi amayi anzawo a kumpingo, poti kobwerera kumakhala kutada. Munthu amene ankatsogolera nyimbo! Apo m'pamene kuseka kunandithera.

Mwana wathu wamkazi ndi namwino, amagwira ntchito cha ku Mponela. Anabwera, n'kuwatenga amake kupita nawo kuchipatala. Kumeneko madokotala anati vuto la maso awo si ng'ala. Anati m'thupi mwawo mwatha vitamini A, ndipo tikalekerera, maso adzauma, adzachita zilonda, ndiye ngakhale masana sadzaonanso. Anawamwetsa kam'bulu ka mankhwala, n'kuwauza masiku odzamwanso.

Atabwerako, ine ndi nzeru zanga za kubusa ndinati, "Bwanji osangowamwetsa botolo lonse lero, tithane nazo?"

Mwana uja anandiyang'ana ngati mmene amake amandiyang'anira. "Ababa, kale mukapita kukapala moto kwa anansi, makala munkawanyamula m'manja?"

"Ndine wamisala? Paphale."

"Eya. Vitamini ameneyu ndi khala la moto. Popanda iye diso siliona kukada, koma akamangoyenda yekha wambirimbiri amawononga. Thupi limamusunga m'chiwindi ngati m'nkhokwe. Pomutulutsa, pali pulotini womunyamula m'magazi. Akafika pa tizipinda ting'onoting'ono ta thupi, timene timati maselo, m'kati momwemo muli pulotini wina womulandira. Amamufumbata bwinobwino kuti asaotche zinthu komanso kuti asazime, n'kumupereka kwa oyenera. Ena amamusunga, ena amamukonza kuti akagwire ntchito m'diso."

"Ndiye amakowa mapale awo anasweka?"

"Nkhokwe inauma, ndipo mapale achepa. Mapalewo thupi limaumba lokha, koma dothi lake ndi nyemba, mtedza, mazira, nyama. Nkhwani azithira nsinjiro, poti vitaminiyu salowa bwino m'thupi popanda kamafuta. Mubzalenso mbatata yofiira m'kati ija." Kenako anandiloza chala. "Kodi pakhomo pano chiwindi cha nkhuku amadya ndani?"

Ndinayamba kuyang'ana mitambo, ngati mvula ingagwe mu Ogasiti.

Musaganize kuti vuto linali ine. Ine ndinagonja tsiku lomwelo. Vuto linali amake ana. Titapha nkhuku Loweruka, ndinakankhira chiwindi kwa iwo. Anachibweza.

"Mukufuna anthu azinena kuti ndinakudyetsani mankhwala? Mkazi adye chiwindi mwamuna wake akuona? Amayi anga sanandilere choncho."

"Anthu ake ati? Tilipo awiri, wachitatu ndi galu."

"Mulungu akuona."

Apo ndinaona kuti pamafunika ukatswiri. Nkhuku yotsatira, ndinaluma kachidutswa ka chiwindi, n'kugwira pamimba, n'kuyamba kubuula ngati ng'ombe yomangidwa miyendo. Ndinawauza kuti chiwindi chandikana, ukalamba wafika, ndikachidyanso adzandiika m'manda ndi iwowo.

"Ndiye tichitani nacho?"

"Tipatse galu."

Ndinkawadziwa bwino. Akazi anga kutaya ndiwo amakuona ngati tchimo loposa kuswa mwambo. Anachilanda m'manja mwanga galu atatsegula kale kukamwa, n'kudya atatembenukira kukhoma. Posakhalitsa mazira nawonso anayamba kundikana. Matenda anga anali osankha kwambiri: nthutumba sinkandivuta mpang'ono pomwe.

Mbatata ija ndinabzala kudimba, anzanga olima fodya akundiseka kuti ndasanduka mlimi wa ana. Mtedza sindinagulitse wonse. Ndinaphunziranso kusinja nsinjiro mu mtondo womwe uja anaupatsa moni, mobisa, kuseri kwa nkhokwe.

Sindinawerenge masabata. Ndimangokumbuka kuti tsiku lina, dzuwa litalowa kale kuseri kwa phiri, ndinali kumapeto kwa bwalo ndikutola kadzira kamodzi m'chisa. Ndinati kamodzi kokha, m'thumba, ndikakazingire ndekha, poti munthu sangakhale wodwala chaka chonse. Ndinamva mawu kuchokera pakhonde, patali ndithu.

"Atate ake ana, chimene mwaika m'thumba la kumanzerelo n'chiyani?"

Ndinaima chilili. Kunali kachisisira kenikeni, nthawi imene kale sankaona n'dzanja lawo lomwe.

"Mwaona?"

"Ndaona. Si inu mumati mazira amakupotokolani m'mimba?"

"Ndimafuna ndiyese ngati ndachira."

"Simunadwalepo inu. Munthu wopweteka m'mimba samaliza nthutumba. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe lija."

Ndinapita nalo dziralo, n'kuliika m'manja mwawo. Sanafufuze, analandira molunjika. Lachinayi lotsatira anamanga duku, n'kupita kunyimbo, ndipo anabwerako okha kutada, akuimba chapansipansi. Chiwindi amadyabe atatembenukira kukhoma. Ine ndimabuulabe pang'ono, kuti mwambo usachite manyazi.