Mapegi amene ndinachotsa pa makadi a odwala

Achemwali anga anamwalira ndi chifuwa chachikulu, matenda ochizika, ndipo dzanja langa lilipo pa imfa yawo. Sindinawapatse chiphe, sindinawamane chithandizo. Ndinangochotsa pegi yoyanikira zovala pa kakhadi kena ndisanafunse kuti pegiyo ikutani pamenepo. Inu owerenga, makamaka inu amene mumapanga zida zoti anzanu azigwirira ntchito, ndipirireni ndikuuzeni, chifukwa nkhaniyi ndaisenza ndekha zaka zambiri ndipo yandilemera.

Kwathu ndi ku Chiosya. Mayi anatisiya ndili sitandade 3, ndipo anandilera ndi achemwali anga a Esinati. Iwo sukulu anailekeza kuti ine ndipitirize, ndipo mtedza wa m'munda mwawo ndi umene unandifikitsa ku koleji ku Lilongwe, kumene ndinaphunzira za makompyuta.

Ku kolejiko kunali phunziro lina limene tonse tinkaliyesa lotaya nthawi, losanthula ntchito ya munthu usanamupangire pulogalamu. Aphunzitsi ankati uzikakhala pambali pa munthuyo kuyambira pofika mpaka poweruka. Ntchito yakeyo uiphwanye m'tizigawo: amayamba ndi chiyani, chotsatira n'chiyani, nanga chimamukumbutsa n'chiyani kuti nthawi yochita chakuti yakwana. Umupemphe azilankhula zimene akuganiza uku akugwira ntchito. Chilichonse chimene chili patebulo pake, ngakhale kamwala kopsinjira mapepala, ufunse ntchito yake. Mayeso ake ndinakhoza bwino ndithu. Koma mumtima ndinkati zimenezo n'za anthu osathwa mutu, munthu wodziwa kompyuta sangamakhalire kuonerera kalaliki akutsegula mabuku.

Chapakati pa zaka za m'ma 2000 ndinalembedwa ntchito ndi bungwe lina lothandiza zipatala za kumidzi. Anandituma kupanga pulogalamu yosungira mbiri ya odwala chifuwa chachikulu pa kachipatala kena ka kwathu komweko. Anasankha ine poti ndine mwana wa konko, ndipo chimenecho n'chimene chinandipha. Ndinkadziona ngati palibe chimene munthu wa ku Chiosya angandiphunzitse.

Anandipatsa masabata awiri oti ndikaone momwe ntchito imayendera. Ndinakhalako m'mawa umodzi wokha, nawonso mu ofesi ya mkulu wa chipatala, tikumwa tiyi. Ndinatenga khadi losalembapo limodzi n'kuika m'chikwama, basi kafukufuku watha. Masiku otsalawo ndinathera pa msika wa Kamwendo, kuonetsa anzanga laputopu ndi kuthyola Chingerezi. Kwa achemwali ndinapitako masana amodzi. Ndinawapeza akutsokomola, atawondako, koma anati ndi fumbi la mtedza, ine n'kukhulupirira.

Munthu amene ankayenera kudzagwiritsa ntchito pulogalamuyo anali mayi Mvula, kalaliki wa odwala chifuwa, amene anakhala pa tebulo limenelo kuyambira nthawi ya chipani chimodzi. Ndinangowapatsa moni pakhomo. Ndinaona kuti makadi amawasunga m'bokosi lathabwa, ena atapanidwa ndi mapegi ngati matewera pachingwe, ndipo ndinaseka chamumtima.

Pulogalamu ndinaipangira ku Lilongwe, ndipo kunena zoona inali yokongola. Wodwala akabwera, ulemba dzina lake, mbiri yake ituluka, ulemba mankhwala amene walandira, udina batani losunga. Mabwana anawomba m'manja. Mu Disembala, mvula itayamba, tinakaika kompyuta ndi sola yake, ndipo alembi awiri a bungwe analowetsamo makadi onse. Ine ndinalamula kuti makadiwo alongedzedwe m'katoni, chifukwa ndinkadziwa kuti bokosi likatsala patebulo mayi Mvula sadzaiyang'ana n'komwe kompyutayo. Makadi a mapegi ankakanika kulowa bwino m'katoni. Ndinawatenga ndekha n'kuchotsa mapegiwo mmodzimmodzi, asanu ndi awiri, osawerenga ngakhale dzina limodzi.

Mayi Mvula anaimirira. "Achimwene, nanga osabwera aja ndiziwaonera pati?"

"Amayi, kompyuta siiwala munthu," ndinawayankha, n'kuwapatsa mapegiwo m'manja. "Awa kayanikireni zovala kunyumba."

Alembi aja anaseka, inenso ndinaseka. Mayi Mvula anaika mapegiwo m'thumba la juzi osanenanso kanthu, poti mkulu wa chipatala anali pomwepo ndipo ine ndinali mlendo wa bungwe.

Inu owerenga, imvani tsopano chimene ndinakana kufunsa. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa miyezi yambiri, ndipo vuto lake n'lakuti munthu amayamba kupeza bwino asanachire. Akangomva mphamvu amathamangira kumunda. Mayi Mvula ankasanja makadi m'bokosi muja potsata tsiku limene wodwala ayenera kubweranso. Munthu akabwera, khadi lake limasunthidwira kumbuyo. Poweruka, khadi lililonse lotsala kutsogolo linali la munthu amene wajomba, ndipo limenelo ankalipana pegi. Lachinayi lililonse mlangizi wa zaumoyo, bambo Sakala, ankangofika n'kutola makadi a mapegi, kukwera njinga, kukawasaka eni ake kumidzi. Panalibe buku limene linalembamo ndondomeko imeneyi, ngakhale mkulu wa chipatala sankaidziwa bwinobwino. Ntchito yeniyeni ya mayi Mvula sinali kulemba obwera ayi, inali kuzindikira osabwera. Pulogalamu yanga inkadziwa munthu pokhapokha waima kutsogolo kwa tebulo.

Patapita miyezi inayi, alamu anga anandiimbira pa foni yobwereka kuti ndibwere msanga, achemwali atheratu. Ndinakwera minibasi mpaka pa Kamwendo, kuchoka apo njinga yakabaza. Ndinawapeza atagona pamphasa, mafupa okhaokha, chitenje chimene ankatsokomolerapo chili ndi magazi. Munthu amene ankandibereka kumsana ndinamunyamula ndi manja awiri ngati mtolo wa mapesi. Ndinagwada pamsewu kupempha dalaivala wa lole ya fodya kuti atitenge, ndipo anatimvera chisoni n'kutifikitsa ku chipatala chachikulu.

Kumeneko ndi kumene ndinamva zonse. Achemwali anawapeza ndi chifuwa chachikulu patangopita masiku ochepa chichokereni ine kwawo kuja. Anabisa, poti masiku amenewo ukangotchula chifuwa anthu ankayamba kukunong'onezera za matenda enawa. Anamwa mankhwala miyezi iwiri ndi kanthu, napeza bwino. Mvula itagwa anapita ndi alamu kukalima munda wa kwa apongozi awo kufupi ndi malire a Zambia, tsiku lolandira mankhwala n'kuwadutsa. Dokotala anafuna kudziwa tsiku lenileni limene analekera, ndipo anandituma kukatenga mbiri yawo ku kachipatala kathu kaja.

Ndinathamanga. Nditalemba dzina lawo pa kompyuta ija, linatuluka nthawi yomweyo, zilembo zoongoka bwino, mudzi wawo, sikelo yawo, tsiku lomaliza kulandira mankhwala. Panalibe chizindikiro chilichonse chosonyeza kuti munthuyu wasowa miyezi inayi. Ndinayamba kukalipira mayi Mvula kuti bwanji sanawatsate. Inde, ndinakalipa ineyo, opanda manyazi. Iwo anapita kuchipinda chosungira katundu, nakoka katoni ija, nafufuza mpaka anatulutsa khadi la achemwali n'kundipatsa. Pamwamba pake, pakona, panali timizere tiwiri tolowa m'kati, pamene pegi inaluma.

Ndinakhala pansi pasimenti. Achemwali anajomba sabata yomweyo imene tinkaika kompyuta. Mayi Mvula anali atapana kale khadi lawo, ndipo Lachinayi lotsatira bambo Sakala akanakwera njinga.

"Ndinayesa kulemba pakapepala, achimwene," anatero mayi Mvula motsitsa mawu. "Koma munthu amene sanabwere umukumbukira bwanji popanda chokukumbutsa? Mzere pakhomo, ine chala chimodzi pa makina anuwa. A Sakala amabwera Lachinayi lililonse, n'kubwerera chimanjamanja."

Masiku otsatirawo ndinali ngati wamisala. Ndinkatsatira dokotala m'makonde kumupempha kuti ayese mankhwala ena alionse. Ndinafunsa ngati ku Lilongwe kungakhale kwabwinoko, anandiuza kuti ulendowo sangaupirire. Ndinawaphikira phala la mtedza, ankangolawa n'kukankha mbale. Ine amene ndinasiya kupemphera ndili ku koleji ndinatumiza uthenga ku mishoni ya Guilleme kuti awapempherere, ndipo ndinalonjeza Mulungu zinthu zimene sindingazitchule pano. Dokotala anandiuza mosabisa kuti mapapo awonongeka kwambiri, tachedwa.

Tsiku lina masana, akupezako mpweya, ndinawafunsa chifukwa chimene analekera mankhwala. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Achimwene, a Mvula anandiuza kuti mukadzajomba tidzakutsatani, ngakhale mubisale kuphanga. Ndiye ine kumunda kuja ndimayang'ana kunjira Lachinayi lililonse. Poona kuti kuli zii, ndinati basi, ndiye kuti awerengera aona kuti ndachira."

Kenaka anandigwira dzanja n'kunena kuti anamva kuti makina a kuchipatala aja ndinapanga ndine, ndipo ankauza aliyense kumudzi. Inu owerenga, mpata woti ndiulule unali umenewo. Ndinangoti zikomo achemwali. Anamwalira Loweruka la sabata yomweyo, asakudziwa, akundinyadira.

Maliro atatha sindinabwerere ku Lilongwe. Ndinapita kwa mayi Mvula n'kuwapempha mpando. Ndinakhala pambali pawo masabata awiri, omwe aja ndinathera pa Kamwendo, ndi kope ndi pensulo. Ndinalemba chilichonse chimene dzanja lawo linkakhudza ndipo ndinafunsa chifukwa chake. Ndinayenda ndi bambo Sakala pa njinga mpaka m'midzi ya m'malire, kumene ndinaona kuti munthu samusaka ndi dzina la pakhadi, amafunsa kuti make uje ali kuti. Ndinapeza zinthu zambiri zimene pulogalamu yanga inaphwanya ine osadziwa. Kukonza kuti kompyuta izionetsa mayina a ojomba ikangoyatsidwa kunanditengera masana amodzi okha. Masana amodzi, abale anga! Ndinabwezanso bokosi lathabwa patebulo, ndipo mayi Mvula anatulutsa mapegi aja m'dirowa. Sanayanikirepo chovala.

Tinafufuza m'katoni makadi ena asanu ndi limodzi okhala ndi timizere ta pegi. Ena mwa eni ake anali atabwerera okha, ena bambo Sakala anawapeza n'kuyambiranso mankhwala. Mmodzi tinapeza manda. Wina anawolokera ku Zambia ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ali moyo.

Alamu anga sindinawauzebe. Ana a achemwali ndikuwaphunzitsa, amanditcha malume abwino, ndipo mawu amenewo amandilasa nthawi iliyonse. Anthu amati safunsa anadya phula, koma ine phulalo sindinadye ndekha, ndinadyetsa munthu wosalakwa amene anandilera.

Tsono inu owerenga, kaya mukupanga pulogalamu, kaya fomu, kaya mukungosintha kasanjidwe ka mashelefu pamalo pamene anzanu akhala akugwirapo ntchito, chonde musayambire mu ofesi ya bwana. Bwana amadziwa momwe ntchito iyenera kuyendera, koma momwe imayenderadi amadziwa ndi uyo ali patebulo. Kokani mpando mukhale naye mpaka aweruke, ndipo mubwerenso mawa lake. Musangofunsa zimene amachita munthu akabwera, mufunsenso zimene amachita zinthu zikapanda kuchitika. Mukaona chinthu chooneka chachimidzi, kaya ndi kachingwe, kaya khadi lopindidwa pakona, manja anu akhale m'thumba kufikira mutamva ntchito yake. Ndipo munthu wamkulu akakufunsani funso pamaso pa anthu, musamuyankhe ndi nthabwala. Mayi Mvula anandiuza vuto lonse m'funso limodzi, ine ndinasankha kuseketsa anthu.

Khadi la achemwali ndinalipempha, ndimalisunga m'Baibulo. Inki inayamba kufufutika, koma timizere tiwiri tija tikadalipo, ndipo ndikapititsapo chala ndimatimva.