Chipepeso cha a Makwinja

A Malcolm Makwinja anaphunzira umakaniko ku Ndirande, pa galaja yopanda denga kumunsi kwa msika. Kumeneko galimoto siifa. Sipeya ikasowa, munthu amasula yekha. Chitseko cha galimoto ina chimalowa pa inzake, bola hamala ndi moto zilipo. Ntchitoyi anaigwira mpaka imvi zitamera, ndipo ankadziwika ndi kuwongola zitsulo ndi kupopera penti. Galimoto yoti yagubuduzika pa Zalewa inkatuluka m'manja mwawo ikuwala ngati ya m'sitolo.

Akazi awo atamwalira, mwana wawo Zelipa anawaitanitsa ku Canada. Anafikira m'nyumba yosanja ku Scarborough, mumzinda wa Toronto, m'chipinda choyang'ana pamalo oimikapo magalimoto. Ntchito yolembedwa sanaipeze, popeza Ndirande sapereka satifiketi. Koma Amalawi a ku Toronto anawapezera chochita. Aliyense wofuna kugula galimoto yogwirapo kale ntchito ankayamba waimbira Zelipa: "Ankolo ali fili Loweruka?" Iwo ankavala jekete, kamaginito m'thumba. Ankakayendetsa m'mbali mwa galimoto, ndipo pomwe kakana kugwira ankadziwa kuti pamatidwa phala lobisira dzimbiri. Ankagwada n'kusuzumira pansi, kumene mchere wothira m'misewu nthawi yozizira umadya chitsulo. Akadzuka ankanena liwu limodzi, "Gulani," kapena "Tiyeni." Sankalipiritsa. Ulemu unkawakwanira, ndipo ankaukonda.

Chaka china m'nyengo yozizira kunagwa maliro ku Oakville. Selina, namwino wochokera ku Ntcheu, anataya mwamuna wake Darius, mzungu wobadwira komweko. Amalawi anasonkha chipepeso monga mwa mwambo. A Makwinja, munthu wodyera m'manja mwa mwana wake, anaponya kochepa kwambiri, ndipo zinawakhala pamtima.

Chipale chitasungunuka, Selina anawaimbira foni.

"Ankolo, Darius anasiya galimoto m'galajamu. Nyumbayi ndekha sindiikwanitsa. Akuti galimotoyo ndi ya mtengo, ndipo ndikaigulitsa bwino ndikhoza kukhalabe muno. Mudzangoiona, mundiuze ngati ili bwino."

Anakwera basi, sitima ya pansi, kenako sitima ya ku Oakville. Selina anawatsegulira galaja koma iye anaima pakhomo. Anati fungo la mmenemo linali la mwamuna wake.

A Makwinja anavundukula chinsalu. Inali Dodge Charger ya 1969, yaitali, yobiriwira, imene bambo ake a Darius anagula ili yatsopano. Maginito anagwira paliponse. Pansi panalibe dzimbiri, chifukwa galimotoyo inkatuluka m'chilimwe mokha. Atailiza, galaja yonse inanjenjemera. Injini yotere anali asanaimvepo.

Koma maonekedwe ake anawamvetsa chisoni. Penti inali itafwifwa, padenga itang'aluka timizere. Chiwongolero chinali ndi mng'alu. Kabuleta inali bii, wailesi ya makedzana, malimu a matayala ali ndi madontho a dzimbiri. Pansi pa boneti panali timapepala tomata tothetheka, zolembalemba za choko, ndi kachitsulo kena kodetsedwa komangidwa ndi timisomali tiwiri. Kwawo munthu sagulitsa galimoto ili chonchi. Amayamba waisambitsa, waipaka, kuti wogula asapeze ponyozera. Anaona kuti mayi wamasiyeyu amubera.

"Mayi, ndipatseni kiyi wa galajayi," anatero. "Pamaliro paja dzanja langa linafupika. Chipepeso changa ndi manja angawa."

"Musadzivutitse, ankolo. Ine ndimati mungoiona basi."

"Kuvutika kwake kuti? Ndagwira zogubuduzika, iyi ndi yongodzoza mafuta."

Chipepeso sachikana, makamaka cha munthu wamkulu. Selina anawapatsa kiyi.

A Makwinja anagwira ntchito miyezi yonse yofunda. Makina opopera anabwereka kwa mnzawo wa ku Brampton, penti anagula ndi tindalama tomwe Zelipa ankawapatsa. Anapala penti yakale yonse mpaka chitsulo kuonekera, n'kupopera yatsopano, yobiriwira ndithu, koma yowala kuposa ija. Anaika kabuleta yonyezimira, chiwongolero chatsopano, wailesi yolumikiza ku foni, ndi malimu ena amene anawapeza motchipa. Pansi pa boneti anachotsa timapepala tonse, anafufuta choko, ndipo kachitsulo kaja anakazula n'kukaponya m'bini.

Zotsalazo sanataye, munthu wa ku Ndirande sataya chitsulo choti n'kugwiranso ntchito. Kabuleta, chiwongolero ndi wailesi anaziika m'katoni kwa Zelipa. Malimu anayi aja anapita nawo ku Brampton, anawadula, n'kuwotcherera awiriawiri kukhala mbaula. Ina inaotcha nyama kupaki pa chikondwerero cha ufulu wa Malawi, anthu n'kumaiyamikira kuti imagwira moto ngati zakumudzi. Inayo anapatsa Selina, nayenso anaiika kuseri kwa nyumba osafunsa kumene yachokera.

Tsiku lomwe anamaliza anamuitana kuti adzaone. Selina anayang'ana nthawi yaitali.

"Yasintha," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

Iwo anayesa akuyamikira.

Woyesa mtengo anabwera Loweruka lina m'mawa. Dzina lake anali Tony, mzungu wonenepa wa ku Hamilton, amene ntchito yake inali kuona magalimoto akale ndi kunena mtengo wake. Mnzake wa Selina wa kuntchito ndiye anamupeza. A Makwinja anafika atavala jekete ya kutchalitchi. Anaima pambali manja kumbuyo, kudikira kuti afunsidwe za penti.

Tony anayamba ndi kugona pansi, tochi kukamwa. Anawerenga nambala yodindidwa pa injini, anadzuka, nakaiyerekeza ndi ya pafupi ndi galasi lakutsogolo.

"Zikugwirizana," anatero m'Chingerezi. "Injini ndi yobadwa nayo. Mayi, zotere zatsala zochepa."

A Makwinja anagwedeza mutu ngati injiniyo anaipanga okha.

Kenako Tony anasisita denga ndi chikhatho. Nkhope yake inasintha. Anatsegula chitseko, anayang'ana chiwongolero, anagogoda wailesi ndi chala. Anabwerera ku boneti n'kuloza timabowo tiwiri.

"Apa panali kachitsulo. Kali kuti?"

Tony anatembenukira kwa Selina.

"Kachitsulo kameneko ndi kamene kamanena mmene galimoto inatulukira kufakitale: mtundu wa penti, mipando, injini, zonse. Popanda iko, wogula angodalira pakamwa panga." Anapukuta manja. "Mayi, ogula magalimoto awa safuna zatsopano. Zatsopano zili mbwee m'masitolo. Amalipirira penti yakaleyo, yofwifwayo, ngakhale choko chimene munthu wa kufakitale analemba. Zimenezo zikachoka sizibweranso. Malimu ake enieni alipo?"

"Sindikudziwa," anatero Selina.

Tony anatulukira khomo lakuseri kuti akasute fodya. Posakhalitsa Selina ndi a Makwinja anamumva akuseka. Atamutsatira anamupeza atawerama pa mbaula, akuchotsa phulusa ndi chala kuti awerenge zilembo zodindidwa pachitsulo. Ataziwerenga analeka kuseka.

"Nyama yake iyenera kuti inakoma," anatero. "Aka n'koyamba kuona soseji yootchedwa pa malimu a Charger."

Chingerezi cha a Makwinja chinali chopereweza, koma apa anamva liwu lililonse.

Tony anawauza mosabisa. Galimotoyo ikanakhala mmene inalili, ogula akanalimbirana. Mmene inalili tsopano, mtengo wake unali utatsika pafupifupi ndi theka. Selina anagwira khoma. Theka limenelo silikanamusunga m'nyumbamo.

"Koma anachita zimenezi ndani?" anafunsa Tony.

A Makwinja anangoyang'ana nsapato zawo.

"Mwamuna wanga," anatero Selina. "Asanamwalire."

Sanawayang'ane ponena zimenezi. Tony, kaya anakhulupirira kaya ayi, anapukusa mutu.

"Pepani, mayi. Womwalira sitimunena. Koma anthu ena sipanala n'kumawabisira."

Anatsanzika n'kulunjika ku galimoto yake. A Makwinja anatsala chiimire. Darius anamuonapo kangapo konse, munthu wofatsa amene ankayesa kupereka moni m'Chichewa n'kumalakwitsa. Galimoto ija anaisunga zaka zonsezo osasintha ngakhale msomali. Lero anali kutukwanidwa pakhomo pake pomwe, mkazi wake akuvomereza, kuti nkhalamba ya jekete isachite manyazi.

Anathamangira kumsewu. Tony anali atatsegula kale chitseko.

"Bwana," anatero m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Si mwamuna wake. Ndine. Penti, ine. Mbaula, ine. Iye sanagwire kanthu."

Tony anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Munapopera ndi manja, m'galaja momwemu?"

"Inde."

"Dzanja muli nalo. Galimoto yake ndiyo inali yolakwika." Anakanda chibwano. "Zomwe munachotsazo zilipo?"

Anamuuza za katoni ya kwa Zelipa. Kachitsulo kaja anati kanapita ndi lole ya zinyalala kalekale. Tony anati abwezeretse kabuleta, chiwongolero ndi wailesi, mtengo ukwerako pang'ono. Penti ndi malimu ndiye basi.

A Makwinja atatembenuka anapeza Selina ali pakhonde. Anali atamva zonse. Anadikira kuti galimoto ya Tony ikhote, ndipo anayankhula motsitsa mawu.

"Ankolo, mwandichita chiyani?"

"Mayi, ndalakwa. Galimoto ija..."

"Za galimoto zisiyeni kaye. Ine ndanamizira mwamuna wanga ali m'manda kuti ndikuvekeni inu. Inu n'kuthamangira kumsewu kukandivula pamaso pa mlendo. Tsopano akupita akudziwa kuti mkazi wa Darius ndi wabodza."

"Sindikanatha kumusiya malemu atasenza mlandu wanga."

"Mukananena pomwe anafunsa paja. Pakamwa munali napo."

A Makwinja anavula chipewa, n'kuchivalanso. Selina analowa m'nyumba, chitseko anatseka bwinobwino, osamenyetsa.

Zelipa anamva nkhaniyi kwa bambo ake omwe, ali kukhitchini. Anaika mpeni pansi.

"Adadi, munagugulako pa intaneti? Foni ndinakugulirani ija ntchito yake n'chiyani?"

"Galimoto ndaidziwa iwe usanabadwe."

"Ya ku Ndirande, adadi."

Sanamukalipire. Anapita kukatulutsa katoni ija.

Sabata yotsatira anainyamula pa basi ndi pa sitima, ili pamiyendo, ikununkha petulo, anthu akusuntha pampando. Galaja anaipeza yotsegula, mwini wake osaoneka. Anachotsa kabuleta yonyezimira n'kubwezera yakuda ija. Anabwezera chiwongolero chong'aluka ndi wailesi yosalira. Moyo wawo wonse anali asanachotsepo chatsopano kuti aikepo chakutha, ndipo manja ankachita ngati akukana. Anafunsanso kumalo otayako zinyalala za kachitsulo kaja. Munthu wa pageti anangowaloza mulu wa zitsulo wotalika kuposa nyumba.

Galimoto inagulidwa masamba a mitengo atayamba kufiira. Wogula anali wa ku Quebec, ndipo mtengo unali umene Tony ananena, kuwonjezapo pang'ono. Sunakwane. Patsogolo pa nyumba panali patazikidwa kale chikwangwani choti ikugulitsidwa.

Lole yonyamula magalimoto itabwera, a Makwinja analipo, chifukwa Selina anatumiza uthenga kudzera kwa Zelipa kuti pafunika munthu woiliza. Anailiza, anaikweza, anatsika. Selina anatuluka atavala yunifolomu ya kuntchito. Anaima nawo limodzi mpaka lole inapita.

"Darius sankalola munthu kuigwira," anatero. "Ngakhale ine. Ndinkadziwa zimenezo, koma kiyi ndinakupatsani ndine."

"Munandipatsa chifukwa ndinakukakamizani."

"Eya, munandikakamiza." Anayang'ana wotchi. "Ndapeza kanyumba ku Brampton. Ndisamuka kutha kwa mwezi. Pakufunika anthu onyamula katundu."

"Ndibwera, mayi."

"Kunyamula kokha, ankolo. Chilichonse chimene mungachione chothyoka, chisiyeni chomwecho."

"Ndamva."

Selina anakwera galimoto yake kupita kuntchito. Iwo anatseka galaja, kiyi anaponya m'bokosi la makalata, n'kuyamba kuyenda wapansi kupita kusiteshoni.