Mbuzi za ku Tingi

Ku Mbamba Bay ndinabwera ndi mng'ono wanga tikadali ndi mphamvu zathu, kudzagula usipa umene kuno amati dagaa n'kumautumiza ku Mbinga. Tinkati tikhala nyengo imodzi basi, tibwerere kwathu ku Nkhotakota. Ine ndakalambira konkuno, ndipo chondisunga si usipa ayi.

Mng'ono wangayo anakondana ndi mnyamata wa kumapiri a ku Tingi, amene ankatsika ndi lole ya nyemba. Ndisamunamizire, anali munthu waulemu. Amene ndimapsa naye mtima mpaka lero ndi mkulu wina wa mumpingo mwathu, mphunzitsi wopuma, yemwe anayenda pakati ngati nkhoswe. Bambo ameneyo mbiri yakale inkamuyabwa pakamwa. Ukangomupatsa moni, wayamba.

"Inu mumati munthu, Mswahili amati mtu, akumapiri amati mundu," ankatero akuwerenga zala. "Mvula ndi mvua, nyama ndi nyama kulikonse. Makolo athu anatuluka m'nkhalango imodzi, anangosiyana njira. Mtunduwu ndi umodzi, mayi, musaope kanthu."

Ndinkamukhulupirira, chifukwa zinkamveka. Asodzi akuno akamakangana m'chiyankhulo chawo, theka la zotukwanazo ndinkalitola popanda womasulira.

Tsiku lobweretsa malowolo, amene iwo amati mahari, achimwene athu aakulu anawoloka pa sitima monga mwini mbumba. Anthu a ku Tingi anatsika ndi mbuzi, mabulangete ndi makasu, mpaka bwalo linachepa. Ine ndinadabwa. Kwathu mkamwini amabwera ndi nkhuku ndi manja ake, amalima kwa apongozi, ndipo ana amakhala a kuchikazi. Ngakhale mkazi apite kuchitengwa, ana ake amadziwa kuti kwawo ndi kwa malume. Ndinawakokera achimwene kuseri kwa thandala loanikapo usipa.

"Achimwene, tafunsani kaye. Mbuzi zonsezi akugula chiyani?"

"Iwe, mphatso safunsa mtengo. Anthu akutilemekeza, ukufuna utichititse manyazi?"

Sanafunse. Nkhosweyo nayonso inali kalikiliki kufotokozera alendo kuti mbuzi ndi mbuzi m'ziyankhulo zonse. Imodzi tinadya tsiku lomwelo. Zinazo achimwene anagulitsa kwa ootcha nyama padoko, n'kukwera sitima atavala jekete latsopano.

Kunabadwa mwana wamkazi. Popeza bambo ake ankakhalira pamsewu, mng'ono wanga ankakhala nthawi zambiri kwa ine, ndipo mwanayo anakulira kumsana kwanga, akununkha usipa ngati ife tomwe. Mawu ake oyamba anali a Chichewa. Tonse awiri ankatiitana amayi, ndipo palibe amene ankamukonza, chifukwa kwathu ndi mmene zilili. Ine wanga wobala sindinakhale naye. Sindinkadandaula, ndinali naye ameneyu.

Mng'ono wanga anadwala mwanayo atangoyamba kuguluka mano, ndipo matendawo sanachedwe naye. Akuchimuna anati akaikidwe ku Tingi. Ndinakwera nawo lole, ndinalira, ndinagona pa mphasa masiku onse a maliro, kuzizira kwa kumapiri kukundilowa m'mafupa. Tsiku lobalalika ndinamanga timadiresi ta mwana m'chitenje, n'kumugwira dzanja. Sindinapemphe munthu. Kodi munthu amapempha kutenga mwana wake?

Mchemwali wa bambo ake, amene amamutcha shangazi, anabwera n'kundilanda kamtoloko mofatsa, ngati akundithandiza kunyamula. Analowa nako m'nyumba.

Tinakhala pansi pabwalo. Achimwene analipo, nkhoswe ija inalipo kuti imasulire. Mkulu wa kuchimuna anayankhula mwachidule, osakweza mawu.

"Akuti mahari analandiridwa," inatero nkhosweyo, maso ali pansi. "Mwana ndi wa pakhomo pano. Akuti inu mama mkubwa, amayi ake aakulu, muzibwera kudzamuona, khomo n'lotsegula."

"Auzeni kuti kwathu mwana ndi wa amayi ake, ndipo amayi ake otsala ndi ine."

"Akuti kwanu ndi kutsidya."

"Nanga inu aphunzitsi, si munkati mtundu ndi umodzi?"

Anakanda m'mutu. Anati zimenezo n'za ziyankhulo, za miyambo n'zina, makolo ena anatsata kuchikazi ena kuchimuna, ndipo mabuku amafotokoza bwino. Ndinawayang'ana achimwene kuti mwini mbumba atsegule pakamwa. Anali atavala jekete lomwe lija, lothetheka kale m'zigongono. Anangoti, "Mlongo, tisayambane ndi eni dziko." Tsiku limenelo ndinawada, ndipo sindibisa.

Mwanayo analira lole ikunyamuka. Anathamanga pang'ono, shangazi anamugwira.

Anzanga amene tinabwera nawo anabwerera kumudzi mmodzimmodzi. Ine ndinatsala, chifukwa kuchokera kuno kukafika ku Tingi ndi ulendo wa galimoto, koma kuchokera ku Nkhotakota ndi nyanja yonse. Ndinkakwera mapiri ndi kathumba ka usipa, ankandilandira bwino, kundipatsa mpando wa alendo. Zaka zoyamba mwana ankandithamangira. Kenako anayamba kubwera pang'onopang'ono, kugwada, n'kupereka moni waulemu wa kumeneko, "Shikamoo, mama mkubwa." Ndikamuyankhula Chichewa ankayankha Chiswahili. Pambuyo pake ankangomwetulira n'kuyang'ana shangazi. Sanamuzunze, zimenezo ndivomere. Anamuphunzitsa sukulu, anamuveka bwino. Mwina akanamuzunza ndikanapeza poyambira ndewu.

Chaka chatha uthenga unabwera pa foni kuti achimwene amwalira. Chibale ndi fupa, sichiola, ndiye ndinayamba kumanga katundu. Ndinamuimbira mwanayo, amene tsopano ndi mayi wa ana ake, ndipo ndinamuuza m'Chiswahili changa chokhotakhota kuti malume ake atisiya, sitima inyamuka mawa, akonzeke tikalire. Mumtima ndinkati akaone manda a agogo ake, akaone dimba limene likanakhala lake, mbumba imuwerenge.

Anafika padoko m'mawa, wopanda chikwama cha zovala. Pamutu anasenza kathumba ka nyemba. Anatula, anagwada, anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Pole sana, mama mkubwa, kwa msiba wenu."

Anandipepesa pa maliro athu, ife akutsidya, ndipo nyembazo zinali chipepeso. Anachita mwaulemu wonse, monga mwana woleredwa bwino amachitira kwa anansi. Kwathu chipepeso amapereka ndi akunja. Mwana wa mbumba sapepesa, amakhala pamphasa n'kumapepesedwa. Ndinafuna kumuuza, koma mawu ake m'Chiswahili ndinalibe, ndipo m'Chichewa sakanamva. Ndinangoti asante.

Nyembazo ndinawoloka nazo. Kusiwa, bambo amene ankalengeza zipepeso anatenga kathumbako, anakayesa kulemera kwake m'manja, n'kundiweramira.

"Zimenezi tinene kuti zachokera kwa yani, mayi?"

Azimayi a mbumba yathu onse anali atakhala pamenepo, akundiyang'ana. Ena mwa iwo anamunyamulapo mng'ono wanga ali khanda.

"Nenani kuti kwa anthu a ku Tingi," ndinatero.