Jekete Lobwereka

Achimwene anga anamira m'damu la pa esiteti ine ndili sitandade faifi. Kuyambira pamenepo amayi, omwe ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo ku Thyolo, sankafuna n'kumva komwe kuti mwana wawo wotsalayo walowa m'madzi opitirira m'mawondo.

Ndiye nditapeza mwayi wopita ku Joni kukaphunzira ntchito yophunzitsa anthu kusambira pansi pa nyanja atabereka silinda ya mpweya, ndinawanamiza kuti ndikukaphunzira zoperekera zakudya m'hotela. Anasangalala mpaka kundiphera nkhuku.

Patapita miyezi itatu analembetsa kalata kwa akapitawo awo: "Utitumizire chithunzi tikuone uli pantchito." Tsiku lomwe inafika ndinali nditangovuuka m'nyanja, m'makutu mukadali madzi. Ndinabwereka jekete loyera kwa mnzanga wa pa hotela ina, ndinanyamula thireyi, n'kujambulitsa ndikumwetulira ngati munthu wabwino. Amayi anachisunga m'buku lawo la nyimbo, ndipo ankachionetsa kwa anzawo pamzere woyezetsa masamba pa sikelo.

Ndinkati ndidzawauza zoona ndikalandira satifiketi. Nditalandira ndinati bola pa Khirisimasi. Makhirisimasi anadutsa anayi, amayi n'kumwalira.

Pamaliro, mkulu wa mpingo powerenga mbiri yawo anati malemu asiya mwana mmodzi, woperekera zakudya m'hotela ku Joni. Azimayi omwe ankathyola nawo tiyi anatembenukira kwa ine monyadira. Mpata woti ndikonze unalipo ndithu, koma ine ndinangogwedeza mutu kuvomereza.