Mapaipi a Akamwini ndi Khwanya Wanga

Anayamba kundiuza nkhaniyi ndi mayi wa ku Chipata amene amatibweretsera chinangwa ndi therere Loweruka lililonse kuchokera ku msika wa ku Canning Vale. Anatula thumba pakhomo n'kundikokera pambali.

"Amai, mwaona vamene bachita bapongozi banu mu galaji? Njinga yabwinobwino baitumbula monga nkhuku!"

Ankanena akamwini anga, koma ine ndinali ndisanaone. Ndinali nditangotha milungu iwiri ku Ellenbrook, kuno kutsidya kwa nyanja, kumene ndinabwera kudzathandiza mwana wanga wamkazi pa chikuta. Anachira movutikira, mochita kung'ambidwa, ndipo ndi Mulungu yekha amene anatisungira onse awiri, mayi ndi khanda. Adokotala ananena chinthu chomveka ngakhale kwa ine wolekezera Sitandade 5: mayiyu azigona mokwanira, apo ayi bala lichedwa kupola ndipo mkaka uvuta. Ndiye ntchito yanga inali imodzi, kulondera tulo ta mwana wanga.

Ndiyambe ndi kuyamika, ndisanachimwe. Akamwini anga ndi munthu wabwino. Samwa, samenya, ndipo ndi iwo anandikweza ndege, ine amene ndinkangoiona kumwamba ndili m'munda. Amasamalira nkhalamba ku Midland, ndipo akuti amazidyetsa moleza mtima. Koma ndaona kuti mwamuna wopemphera akafika zaka makumi anayi, woyesa uja samubweretsera mowa ayi. Amamubweretsera sipanala.

Njinga yawo yamoto inali yaikulu, yakuda, yotsika ngati ng'ombe yogona. Akakwera ankatambasula miyendo kutsogolo ngati ali pa mpando wandakhuta. Inkalira mwaulemu, ikutuluka m'mawa osadzutsa ndi mphaka yemwe. Nditasuzumira pazenera tsiku limenelo ndinaona atamasula ekizozi, mapaipi awiri otulutsira utsi aja, n'kuikapo ena afupiafupi, onyezimira, opanda kanthu m'kati. Anachotsanso bokosi lakuda lolowera mpweya n'kumangapo kachinthu kofiira kooneka ngati chisoti cha wapatchalitchi. Akuti injini izipuma bwino.

Atailiza, makapu anagundana mu kabati. Khanda linatambasula manja ngati likugwa mumtengo, kenako kulira. Mwana wanga anadzuka atagwira pamimba. Akamwini analowa m'nyumba mano onse panja.

"Mwaimva? Tsopano yakhala njinga!"

Ine ndinayang'ana pansi. Inu a kwathu mukudziwa kuti apongozi sadzudzula mkamwini maso ndi maso. Ngakhale kuno, tikakumana pakanjira ka m'nyumba ine ndinkapatukira ku bafa ngakhale ndilibe chochitako. Mawu ndinali nawo, odzaza dengu, koma njira yowadutsitsira ndi imene inasowa.

Mkazi wawo anayesa. "Adadi, mwana sakugona. Inenso sindikugona."

"Azolowera. Phokosoli ndi chitetezo, amagalimoto azindimva ndili patali."

"Akumvani kale. Mpaka ku Area 25 akumvani."

Iwo anaseka, anayesa akuwatama. Kuyambira pamenepo m'mamawa popita ku ntchito, phokoso. Masana pobwera, nthawi imene ndangowagoneka onse awiri, phokoso. Mwana wanga maso analowa m'kati, ndipo tsiku lina ndinamupeza akulira poyamwitsa, akuti mkaka sukutuluka.

Ndinaimbira foni ankhoswe, mchimwene wanga wa ku Dowa, kuti nkhani iyende m'njira yake. Ndikufotokoza, akamwini analiza njinga mu galaji.

"Achemwali, kodi mwagula chigayo kumeneko?"

Ndinalongosola zonse. Ndinatchera khutu kudikira mawu a chilangizo kuchokera kwa achimwene. Kenako anati, "Ndiye mapaipi akalewo asataye. Yanga ya kabaza ekizozi yaboola." Ankhoswe amenewo.

Ndinatsala ndi pemphero. Pa mapemphero a banja ndinakweza mawu kuposa masiku onse. Ndinati, Ambuye, inu amene mumatontholetsa namondwe, tontholetsani chilichonse chobangula pakhomo pano. Chimene chatsegula pakamwa mopitirira muyezo, chitsekeni. Ameni wa akamwini anamveka kuposa wa aliyense. Pambuyo pake ndinawamva akuuza mkazi wawo kuti, "Amayi apemphera bwino lero. Galu wa aneba uja wanyanyadi."

Njinganso yokha inayamba kudandaula. Akamachepetsa liwiro pokhota, inkaphulika ngati mbuliwuli. Mapaipi onyezimira aja anayamba kubiriwira pafupi ndi injini, ndipo anawotcha thalauza la yunifolomu pakatumba. Mayi wa ku Chipata, amene amuna awo amakonza magalimoto, anandimasulira. Akuti njinga za masiku ano zilibe kabuleta, muli kakompyuta kamene kamapima petulo. Ukatsegula polowera ndi potulukira, mpweya umachuluka, koma kakompyutako kamapimabe petulo wakale uja mpaka wodziwa akakachune. Ndinamva msanga. Ndi kuitana mudzi wonse ku chakudya, ndiwo osawonjezera. Injini inali ndi njala, n'chifukwa chake inkatentha ndi kutukwana. Akamwini atauzidwa anati za ochuna n'zosafunika, iwo aonera kale pa foni mmene zimakhalira.

Kuno kuli sabata imene anthu amaika katundu wotha ntchito pa kapinga wa kumsewu kuti galimoto idzatole. Akamwini anaikapo mapaipi akale aja ndi bokosi lakuda, n'kupita ku ntchito. Ine chitsulo chabwinobwino chikatayidwa mtima umandiwawa. Sindinaganize za njinga, sindinaganizenso za achimwene. Ndinaganiza za nyemba zimene ndinadzala kuseri kwa nyumba kuti tizipeza khwanya, zimene zinkasowa poyanga. Ndinakoka mapaipi aja limodzilimodzi, ndikupumira, n'kuwatsamiritsa ku mpanda, n'kumangapo zingwe. M'bokosi ndinaikamo mapegi a zovala. Nyemba zinayamika, zinakwera.

Patapita milungu, tsiku lina akamwini anafika nkhope ili khuma, pa njinga atamatapo pepala lachikasu. Apolisi anawaimitsa ku Midland, ndipo akuti sanachite kuwafunafuna. Pepalalo limatanthauza kuti njinga ikonzedwe n'kukayezedwa m'masiku owerengeka, apo ayi isaonekenso pamsewu. Ndinathamangira kuchipinda kukagwada. Ndinkayembekeza kuti yankho lidzabwera ndi mngelo, osadziwa kuti livala yunifolomu.

Koma chimwemwe changa chinafupika. Ndinawamva akuuza mkazi wawo kuti popeza mapaipi akale anataya, aitanitsa ena ofatsa pang'ono. Pang'ono! Mkango wofatsa pang'ono umagoneka khanda?

M'mawa mwake ndinauza mwana wanga, "Uwauze abambo ake akandithyolere khwanya kuseriko, msana wandivuta." Chibwerere changa anali asanapondeko kuseri, chifukwa kulibe mawilo. Anatenga mbale napita. Anakhalitsa. Pobwera mbale inali yopanda kanthu. Ananjuta pakhomo la khichini, maso pansi, monga analeredwera.

"Amayi, pepani. Zitsulo zili ku nyembazo, kaya zingabwerekedwe?"

Ine ndinali nditanyamula khanda, choncho ndinalankhula nalo ilo.

"Iwe, auze adadi ako kuti zitsulo atenge, ndi zawo. Bokosi lili pachingwe, mapegi akhuthulire mu beseni. Koma khwanya wa agogo asagone pansi. Aikepo onyezimira aja. Ndi afupi, koma nyemba sizisankha."

Ndinamva mwana wanga akutsokomola kuchipinda, kutsokomola kwa munthu woluma pilo. Mkamwini sakaniza apongozi kanthu kamene apempha, ndipo iwo mwambo amaudziwa.

"Chabwino, amayi."

Anatha masana onse akumasula nyemba pa mapaipi, kamphukira kamodzikamodzi, ndi manja omwe aja odyetsa nkhalamba. Sanathyole ngakhale tsamba. Anatsuka dothi, anabwezera ekizozi ndi bokosi lake, ndipo njinga itakayezedwa pepala lachikasu linachotsedwa. Tsiku loyamba kupita nayo ku ntchito sindinadziwe kuti atuluka. Ndinadziwira nsapato zosowa pakhomo. Mwana wanga anagona mpaka dzuwa kukwera, khanda lili pambali, ndipo podzuka malaya ake anali atanyowa ndi mkaka. Ndinaimba nyimbo ya chiyamiko chapansipansi, kuopa kukhala ekizozi inenso.

Lero nyemba zanga zayanga pa zitsulo zonyezimira kuposa za wina aliyense mu Ellenbrook. Akamwini nthawi zina amaima pazenera n'kumaziyang'ana ngati munthu woyang'ana chibwenzi chakale pa ukwati wa mnzake. Achimwene a ku Dowa akufunsabe za mapaipi awo.

Masiku anga okhala kuno atsala pang'ono, ndipo nyemba sizikhala chaka chonse. Zikauma, zitsulo zija zidzatsala poyera, ndipo sipanala ikadali mu galaji. Choncho inu amene mwawerenga, mukamagwada muzilikumbuka banja ili: mwana wanga ndi tulo take, kamdzukulu kanga, ndi akamwini anga okondedwa, kuti makutu awo atseguke, mapaipi awo akhale otseka.