Petulo wa ku Halale, mchenga wa ku Chipangali

Mawu akuti wakuba ndinawamva ndili chiimire padzuwa, pamaso pa anzanga onse a pantchito. Zinali zaka za Chitaganya, tauni yathu ikutchedwabe Foti Jemusoni, ine ndikuyendetsa lole ya kampani ina yogula mtedza. Kuyendetsako ndinaphunzira ku usilikali, ndipo sindikudzitama ayi, injini ndinkaimva ngati kupuma kwa mwana wanga.

Chaka chimenecho anatitumizira bwana watsopano, mzungu wa ku Halale, wofiira khosi, wolankhula Chizungu chosakaniza ndi Chilapalapa. Asanathe n'komwe sabata anatiitana tonse pabwalo, madalaivala ndi onyamula matumba, pepala lili m'manja. Papepalapo anafanizira mayiko atatu aja amene anawamanga mtolo umodzi. Anati malole a kampani ku Halale amamwa petulo pang'ono, a ku Nyasalande amamwako wochulukirapo, koma a kuno kwathu ndiwo zidakwa zenizeni. Malole ndi amodzimodzi, katundu ndi yemweyo, nanga petuloyo akupita kuti? Anadziyankha yekha kuti akugulitsidwa m'mabotolo kuseri. Ndipo pa malole onse, yomwa kwambiri inali yanga, ya njira ya ku Chipangali. Anandiloza ndi pepala lomwelo, nati ndikakhale kunyumba mpaka aganize zoitana apolisi.

Ha! Kufanizira Halale ndi kuno? Obwerako ankatiuza kuti kumeneko misewu ikuluikulu ndi yaphula, galimoto imangoyenda myaa. Kwathu kuno phula linkathera pamene pathera nyumba za azungu. Mkuwa ukumbidwe kwathu, phula likathiridwe kwawo, ndiye wakuba ndikhale ine!

Ndinali mkamwini ku Chiparamba, ndipo apongozi anga aamuna anali akatekisiti, munthu wosaseka ndi tchimo. Mbiri inandipitirira panjira, moti pamene ndinkatsika panjinga mudzi wonse unali utamva. Mkazi wanga anandilandira maso ali pansi. Posakhalitsa anatuluka, n'kubwera ndi kathumba ka shuga kamene ndinapatsa makolo ake, kotsala theka, komanga bwinobwino.

"Bambo akuti zibwerere," anatero. "Akutinso mpaka nkhaniyi ioneke mutu wake, ine ndi ana tizikagona kwawo."

Zimenezo zinandipweteka kuposa za mzungu uja. Ntchito ikatha umapeza ina, koma mkamwini wotchedwa wakuba, banja lake latha basi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba m'mawa ndinapalasa kubwerera kutauni, n'kumupeza bwanayo pabwalo akuyang'anira anthu. Sindinavule chipewa. Ndinati, mokweza kuti aliyense amve: "Bwana, thirani nokha petulo, mutseke thanki ndi loko, kiyi musunge inu. Muyendetse nokha kupita ku Chipangali ndi kubwerera. Kapena anthu a ku Halale mumangodziwa kuyendetsa pepala?"

Onyamula matumba anayamba kutsokomola mwadala. Khosi la bwana linafiiriratu. Akanakhala wanzeru akanangondipirikitsa, koma kunyada kunamugwira, nati mawa lomwe. Ine ndikhale pambali pake, ndisakhudze kanthu.

Tsono lole ya m'misewu yathu ili ndi kasamalidwe kake, kamene sikalembedwa m'buku. Pamtsetse wautali tinkathimitsa injini, lole izitsika yokha. Tikayandikira mtsinje wouma tinkaphwetsako matayala pang'ono, n'kulowa mumchenga ndi giya yachiwiri, osasintha, osaima, ngakhale mavu akulume. Zonsezi ndinkachita tsiku ndi tsiku kuti ndipulumutse petulo wa kampani yomweyo inkanditcha wakuba. Tsiku limenelo ndinapinda manja. Sanandifunse, ndipo ine sindinamuuze.

Mtunda woyamba anayenda monyadira, akuimba mluzu. Titafika pamene msewu umachita mizeremizere ngati lata, mluzu unatha, mano akugundana. Pamtsinje woyamba analowa ndi liwiro, pakatikati n'kufuna kusintha giya. Lole inangofooka, n'kuima. Anaponda mafuta, matayala akukumba. Anapondanso, injini ikulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, mpaka lole inakhala pamimba. Ine ndinkangomva petulo akupita, mtima wanga uli mbee.

Anthu a m'mudzi wapafupi anabwera ndi makasu ndi nthambi. Mayi wina wachikulire, dengu lili pamutu, anandifunsa kuti, "Kodi achimwene, bwanayu akulima chiyani mumtsinje muno?" Ndinati mufunseni mwini wake, ine lero ndine mlendo. Anaseka mpaka anatula dengu.

Ku Chipangali tinafika dzuwa lili paliwombo, injini itawira kawiri. Tinapakira mtedza. Pobwerera, lole italemedwa, anatitimiranso pamtsinje womwewo, pamalo pomwepo, ndipo anthu aja anabweranso osaitanidwa. Pamitsetse yonse injini inali chilirire. Malaya ake anasanduka ofiira ndi fumbi.

Titayandikira tauni, dzuwa litapendeka, anaimika lole pansi pa mtengo, pamalo popanda anthu. Anatsika, n'kutsekula loko, n'kuviika ndodo yoyezera muthanki. Inanyowa kunsonga kokha, pang'ono ngati chikhadabo. Ine paulendo womwewo ndinkabwerako ndodo itanyowa zala zitatu, ndipo iye ankadziwa. Anaviikanso kachiwiri. Kenaka, osandiyang'ana, anati msewu ndi woipa, mawa ndibwere kuntchito.

Ndinati, "Zikomo bwana, koma mawuwa mukanenere pabwalo paja munanenera oyamba aja."

Anati nkhani yatha.

"Kwa inu yatha," ndinatero. "Ine ana anga akugona kwa eni."

Anati mzungu sapepesa pamaso pa antchito ake, ndisankhe, ntchito kapena phokoso. Anakwera, ine ndinakwera, tinalowa pabwalo anthu onse akudikira. Sindinganame, mantha ndinali nawo. Ntchito ya udalaivala masiku amenewo inali yosowa, ndipo ndinkadziwa kuti azungu a m'tauni muja amauzana zonse pomwa tiyi. Koma kubwerera kuntchito mwakachetechete, anthu akanati anandikhululukira, ndipo wokhululukidwa ndiye kuti analakwa.

Loko anali ataiwala kubwezera. Lole itangoima ndinadumpha, n'kuviika ndodo ija, n'kuikweza m'mwamba isanaume. "Taonani anthuni! Wathira yekha, watseka yekha, wayendetsa yekha. Petulo wapita kuti? Bwana, tiuzeni, mwagulitsa m'mabotolo angati?"

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo onse anaphulika ndi kuseka. Bwana analowa muofesi n'kumenyetsa chitseko. Posapita nthawi kalaliki anatuluka ndi kalata yanga yondichotsa ntchito, inki isanaume. Ndinamuuza andiwerengere kawiri. Chifukwa chake analemba chimodzi chokha: mwano kwa mkulu wa ntchito. Lole sindinaigwirenso mpaka Chitaganya chinatha, ndinkalima mtedza ngati wina aliyense, ndipo sindinadandaule.

M'mawa mwake ndinapita nayo kalatayo kwa apongozi. Ndinakhala pansi chapatali monga mwa ulemu, mkazi wanga n'kuitenga kukawapatsa. Chizungu ankachidziwako, cha kumishoni. Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere uliwonse. Anaitembenuza kuti aone ngati kuseri kuli mawu ena. Kunalibe.

"Mwano wokha?" anafunsa.

"Wokha, bambo."

Anavula magalasi, n'kuipinda kalatayo mosamala. "Umenewo tinauona kale, tsiku lomwe munabwera kudzafunsira mbeta." Ndipo anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, tenga ana uzipita kunyumba kwako. Amuna ako sanadye."