Ndinachita Manyazi Kuuza Apongozi Kuti Avundukule Thanki

Inu owerenga, ulemu wanga womwe ndi umene wanditsekera m'khola. Ndinagula nyumba ku Lilongwe ndili kuno ku Dubai, popanda munthu kusuzumira mu sepitiki thanki yake.

Ndine mlonda pa nyumba zosanja za ku Al Furjan, koma ndimagona ku Deira, m'kachipinda kothithikana. Ndinkapirira zonsezi kuti mkazi wanga ndi mwana wathu Tadala achoke pa lendi. Nyumba itapezeka, amene anapita kukaiona ndi apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga. Anandizungulitsa nayo pa foni ya vidiyo. Ndinaona matailosi, siling'i, chitsime kuseri ndi chimbudzi chogejemula, mtima wanga n'kugwera pomwepo.

Mnzanga wa ku Chipata, pulambala amene amagona bedi la pamwamba panga, anandichenjeza kuti ndiwauze apongoziwo atsegule chivundikiro cha thanki aone mkati, chifukwa penti amanama. Ndinangoyankha kuti inshallah, Mulungu akalola. Koma inu, ndikanayambira pati? Munthu amene sindidya naye mbale imodzi, ndimutume kukasuzumira zonyansa? Kutuma munthu wina nakonso kukanaoneka ngati ndikuwakayikira. Ndinangoti zili bwino, tigule.

Munali m'chilimwe. Mvula itagwa, chimbudzi chinayamba kubweza. Povundukula anapeza thanki yong'aluka, zonyansa zikulowerera pansi kulunjika kuchitsime chija. Wotigulitsa nyumbayo foni yake sikupezekanso. Tadala atamwa madzi a m'chitsimemo anatsegula m'mimba mpaka kugonekedwa m'chipatala.

Ndinapempha tchuthi, abwana anangoti khalas, kutanthauza kuti nkhani yatha, nthawi yanga sinakwane. Kusiya ntchito sindingathe, nanga thanki yatsopano idzachokera kuti? Kugulitsa nyumbayo kukukanika, aliyense wobwera amabwerera pageti atatseka mphuno. Tsiku lonse ndimaima n'kumatsegulira ana a eni zitseko, wanga ali pa diripi. Foni ikalira m'thumba ndimaopa kuiyankha.

Sabata yatha mkazi wanga anandiimbira pa vidiyo kuti Tadala watuluka, koma waonda. Kumbuyo kwake ndinaona munthu ali m'dzenje mpaka m'mawondo, atavula malaya, akutapa zonyansa ndi ndowa. Anali apongozi. Atamva mawu anga anadzutsa mutu.

“Mkamwini, mukanangonena. Tsiku lija pokuonetsani chitsime, ndinali nditaima pa chivundikirochi.”

Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zikundipweteka kwambiri.

Abale anga amene muli kunja kuno, musagule nyumba poona makoma okha. Tumani wodziwa ntchito avundukule thanki, athire madzi ambiri aone kumene akupita, aonenso kuti chitsime chili patali bwanji. Ngati pakamwa palemera, tumani mkazi wanu akanene kwa bambo ake, koma zinenedwe. Ine ndinakana kuwadetsa manja apongozi ndi chivundikiro chokha, lero ali m'dzenje lomwelo ndi ndowa.